Tiyeni Tikasambire

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo mwakhala uko, ndi inu ana mwadzaza pansi apa, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Monire mose. Yewo.

Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndapota, mundilole ndiuchite m'Chichewa. Chitumbuka ndimayankhula, inde, kumunda ndi kuchitsime chimandikwanira, koma chimatsimphina. Nkhani ya mumtima ikafuna kutuluka, imafuna chiyankhulo chimene munthu unayamwira. Amene simumva bwino, mnzanu ali pambaliyo akunong'onezeni. Koma anong'oneze zoona, chifukwa umboni wanga wonse ndi wa munthu amene anamva mawu amodzi mokhota, mpaka pang'onong'ono kutaya mwana.

Kwathu ndi ku Kasungu, kumunsi kwenikweni, kumene Chitumbuka sichifika. Kumeneko ndine Naphiri. Kuno munandisandutsa NyaPhiri, ndipo ndinavomera. Bambo a kunyumba ndinakumana nawo ku esiteti ya fodya kwathu komweko. Ankandiyankhula Chichewa chokhachokha, chosalala, moti sindinaganizeko kuti tsiku lina ndidzakhala pamudzi pamene ngakhale galu samva ndikamuthamangitsa.

Ku esitetiko tinali ndi mwana woyamba, wamwamuna. Atangosiya bere anayamba kutupa mapazi, kenako masaya, tsitsi nkufiira. Tinamuika komweko, kuseri kwa zigafa za fodya. Sindinenapo zambiri. Amayi amene munaikapo mwana mukudziwa kuti nkhani imeneyo ilibe mawu.

Wachiwiri anabwera wamkazi, ndipo agogo ake kuno anatumiza dzina: Tiwonge. Tiwonge asanayambe kuthamanga bwinobwino, bambo ake anati fodya sakutipindulira, akayese mwayi ku migodi ku Joni. Anandibweretsa kuno kwa makolo awo, cha kuseri kwa Edingeni, nkundisiya ngati katundu wosungitsa. Anagona masiku ochepa, nkukwera.

Abale anga, umphawi ndinaudziwa kale, koma umphawi wa pachilendo ndi wina. Kwathu mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, ali ndi munda wake, ali ndi malume ake omunenera. Kuno ndinali mtengwa. Apongozi aamuna sindingawayang'ane kumaso, sindingawayankhule. Apongozi aakazi akayankhula, ndimangoona milomo ikugwedezeka. Sanali anthu oipa ayi, musandimve molakwa, koma nawonso nkhokwe yawo inali yopendekeka. Munda umene anandipatsa unali wamchenga, ndipo ndinafika mvula itagwa kale. Ndinali ndi chitenje chimodzi, choberekera chomwecho, chofunda chomwecho. Sopo ndinamuiwala fungo. Chuma changa chonse chinali thadzi limodzi lamawangamawanga limene mayi anga anandipatsa potsazikana, ndipo linali litangoyamba kuikira.

Kenako ndinaona mapazi a Tiwonge.

Amayi, ndinaona mapazi a Tiwonge. Anali onenepa, onyezimira. Anthu odutsa ankati mwana akukula bwino uyu, taonani masaya. Ine mtima unkangoti phaphapha, chifukwa kunenepa kumeneko ndinakuonapo kale, ndipo ndinkadziwa kumene kumathera. Mwana wosewera uja anasiya kusewera. Ankangokhala pamene wamuikapo, nkumalira kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mphaka.

Musaganize kuti sindinkamudyetsa. Ndinkamudyetsa! Ndikapeza chimanga cha ganyu ndinkakonola, kuviika, kusinja, kusefa, mpaka ufa kuyera mbee. Ndinkati mgaiwa ndi wa akaidi ndi anyamata a pa esiteti, mwana wanga adye woyera. Phala la ufa woyera m'mawa, phala la ufa woyera masana, lamadzimadzi kuti lisamutsamwe. Mazira a thadzi lija ndinkawasunga kuti aswe, komanso kwathu amati mwana wamkazi sadya mazira. Ndinkamupatsa chimene ndinkayesa chabwino koposa.

Kwathu mwana akatupa chotero timati tsempho. Ndiye kuti mmodzi mwa makolo wayenda njira yosayenera, wamusempha mwana. Ine ndinkadzidziwa kuti ndine woyera. Ndiye ndinkakhala pakhonde nkumatukwana bambo ake mumtima, kuti kaya akuchita chiyani ku Joni kumeneko. Apongozi aakazi nawonso ankayang'ana mwana, nkuyang'ana ine, nkupukusa mutu. Chiyankhulo cha maso chokha ndicho ndinkamva bwino.

Tsopano mverani. Tsiku lina ndikusinja, panafika mayi wa khomo loyandikana nalo, NyaMoyo. Ali pomwepa, wavala duku lobiriwirayo, akubisa nkhope. Musabise, amama, lero ndikuululani. Anaima, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mapazi anga anali ong'aluka, chitenje chakuda bii. Anayang'ananso mwana. Kenako anati, "NyaPhiri, zaninge namachero tikasambire. Imwe na mwana wuwo." Nkuwonjezera, akugwedeza mutu mwachifundo, "Mukwenera kusambira chomene."

Inu a kuno simukuonapo cholakwika chilichonse. Koma taonani aphunzitsi athu ochokera ku Dedza akhala apowo, ayamba kale kuseka. Kwathu, abale anga, kusambira ndi kulowa m'madzi! Ine ndinamva kuti: iwe mkazi wauve, mawa ubwere tikakutsuke, iwe ndi mwana wako yemwe, ukufunika kusamba kwambiri.

Musi unandigwa m'manja. Ndinalowa m'nyumba nkutseka chitseko, nkulira. Ndinati Ambuye, kusauka ndavomera, kukhala ndekha ndavomera, koma mpaka anthu andiitanire kumtsinje kuti ndikununkha?

NyaMoyo sanatope. Sabata yotsatira anabweranso, mawu ake omwewo. Ulendo uno anawonjezera kuti kwabwera msambizgi kuchokera ku Boma. Msambizgi! Ine ndinati eee, ndiye zafika poti boma latumiza munthu wosambitsa akazi osauka? Ndinkamuona m'maganizo mwanga, mzimayi wamkulu wa manja ngati mwamuna, ali ndi chinkhupule, ife titandanda pamzere. Ndipo paja chinthu chikachokera ku Boma sukana pamaso, umangozemba. Ndikangoona duku la NyaMoyo likubwera, ine ndi mwana tinkalowa m'chimanga.

Komatu zizindikiro zinalipo. M'mawa uliwonse ana a pamudzi ankadutsa akuti akupita kukasambira. Ine nkumati ana a kuno ndi aukhondo bwanji, m'mawa kuzizira chonchi. Masana nkumabwerako ali mbuu, fumbi lokhalokha mpaka m'makutu. Ndinkangoti kaya mtsinje wake ndi wotani. Kufunsa osafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Miyezi inapita choncho. Tiwonge akutupirabe, khungu la m'miyendo layamba kusupuka, ine ndikuthawa anthu okhawo amene akanandithandiza.

Tsiku lina mkwiyo unandikwana. Ndinati anthu awa andiona mokwanira, lero ndiwatseka pakamwa. Ndinagwira thadzi lija, thadzi la mayi anga, nkupita nalo kugolosale ya pamsewu, nkulisinthanitsa ndi sopo. Ndinapita kumtsinje. Ndinadzikhula ndi mwala mpaka khungu kuwawa. Ndinasambitsa Tiwonge akulira. Ndinachapa chitenje nkuchidikira kuti chiume ndili m'bango. Ndinadzola mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira ngati mphika watsopano. Kenako ndinalunjika kumene amayi ankakumana, m'nyumba ya mapemphero ino, nthawi imeneyo ikadali yofolera udzu.

Ndinaima pakhomo paja, apo pakhala anyamatawo, sopo wotsala ali m'manja, nkukuwa kuti, "Ndasambatu! Ndasamba ndekha, ndi sopo wogula! Wosambitsa wanuyo muuzeni asavutike nane. Bwerani mununkhize!"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Beseni palibe. Madzi palibe. Amayi akhala pamphasa, ena akulemba pansi ndi zala, kutsogolo kuli thabwa lopaka makala lolembedwa zilembo. Pakona pali lichero la mtedza ndi mtondo. Ndipo wosambitsa wamanja akuluakulu uja anali kamtsikana kowonda, njinga yake itatsamira pakhoma.

Kamtsikanako kanandifunsa m'Chichewa, Chichewa choyamba kumva chichokereni bambo a Tiwonge. "Mayi, kwanu nkuti?"

Ndinati, "Ku Kasungu."

"Ndipo anakuuzani kuti mubwere kudzatani?"

"Kudzasambira."

Anagwira pakamwa. Anayesa kudzigwira, zinakanika, mpaka anakhala pansi. Atapeza mpweya anati, "Mayi anga, pepani. Kuno kusambira ndi kuphunzira. Msambizgi ndi mphunzitsi, ndine amene. Kusamba kwanuko kuno amati kugeza."

Atawamasulira amayi aja, nyumba yonse inagwa ndi phwete. Sekani, sekani ndithu, nanenso lero ndimaseka. Koma munthu mmodzi sanaseke. NyaMoyo anaimirira misozi ili mbwembwembwe. Anayankhula, msambizgi nkumandimasulira. Anati miyezi yonseyi ankaganiza kuti ndimawanyoza, kuti mkazi wa ku Kasungu safuna kukhala pamphasa imodzi ndi Atumbuka. Anati ankabwerabe chifukwa cha mapazi a mwana, popeza wake wina anapita ndi mapazi otero msambizgi asanabwere. Ine ndinkathawa munthu amene ankalirira mwana wanga.

NyaMoyo anandimasula Tiwonge kumsana nkumupereka kwa msambizgi. Msambizgi anadina phazi ndi chala. Atachotsa chala, dzenje linatsala pomwepo, osabwerera. Kuseka konse kunatha.

Ndinati, "Ndi tsempho. Bambo ake ali ku Joni."

Iye anati, "Mayi, bambo ake asiyeni. Iyi ndi njala."

Ndinapsa mtima kachiwiri. Ndinati njala yanji, mwana amadya phala loyera tsiku lililonse? Anandiyankha mofatsa kuti mimba ikukhuta koma thupi silikulandira kanthu, chifukwa chakudya chenicheni ndinkachitaya ndi gaga pokonola. Anati mwana ameneyu akufuna mgaiwa wothira nsinjiro, akufuna nyemba zopota, masamba, mkaka, dzira. Kenako anafunsa funso limene mpaka lero limandilasa. "Muli ndi nkhuku yoikira?"

Ndinayang'ana sopo m'manja mwanga.

Abale, mankhwala a mwana wanga ankayenda pabwalo panga, akuikira tsiku ndi tsiku, ine nkuwagulitsa kuti ndigule thovu. Ndinalira pamaso pa anthu onse, kulira kokuwa, kopanda manyazi. Ndinaliriranso uja tinamusiya kuseri kwa zigafa, chifukwa tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa chimene chinamutenga.

M'mawa mwake ndikutsegula chitseko, ndinapeza NyaMoyo ali chiimire, m'khwapa muli nkhuku. Sananene zambiri, nanga tikanamvana bwanji? Anangoloza nkhuku, nkuloza Tiwonge, nkuti, "Mbwenu," ndiye kuti basi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwambi umenewu ndinkaudziwa ndi pakamwa, tsiku limenelo ndinauona ndi maso.

Za mkaka zinali zovuta. Apongozi aamuna anali ndi ng'ombe zingapo, koma mtengwa angayambe bwanji kupempha za m'khola? Amayi a gulu lija anapita okha kwa apongozi aakazi, apongozi aakazi nkukafikitsa kwa mwini khola. Ndinamva kuti mkuluyo anafunsa kuti mdzukulu wake wakhala akufa ndi njala mkaka ukupita kwa abusa a ng'ombe, bwanji osanena? Abusa a ng'ombe, Abusa, osati inu. Kuyambira tsiku limenelo chikho cha mkaka chinkafika pakhomo panga m'mawa uliwonse.

Musaganize kuti zinatha lero ndi lero. Kutupa kutayamba kuphwa ndi pamene ndinaona mwana weniweni amene anali mkatimo. Mafupa okhaokha. Mkono wake unali ngati chala changa chachikuluchi. Ndinathamangira kwa msambizgi kuti mwandipheratu mwana, anali wonenepa uja! Iye anati limbani mtima, amene achokawo ndi madzi, tsopano tiyamba kumanga munthu. Ndinkamudyetsa pang'onopang'ono, akalavula ndiyambirenso. Tsiku limene anaseka koyamba, akuthamangitsa nkhuku ya NyaMoyo chokwawa, ndinagwada pabwalo pomwepo.

Ine ndinakhala wosambira wa patsogolo. Sindinkajomba. Tinaphunzira kuphika phala la mwana, kukumba dzenje la manyowa, kudzala mtedza ndi nyemba m'malo mwa chimanga chokhachokha. Tinaphunzira zilembo. Dzina loyamba kulemba ine silinali langa, linali la Tiwonge. Chitumbuka nachonso chinayamba kulowa, poti tsopano ndinkafunsa chilichonse, mpaka amayi kutopa nane.

Koma dzinja litafika, mdani anabwerera pakhomo lina. Madzi tinkatunga kumtsinje, pomwe ng'ombe zimamwera, ndipo mvula ikagwa zonse za kutchire zinkatsikira momwemo. Ana anayamba kutsegula m'mimba mudzi wonse. Tiwonge, amene anali atangoyamba kumera mnofu, anagwanso. Maso analowa, liwombo la mtima wanga linalowa nawo. Tinamunyamula pangolo ya apongozi kupita kuchipatala, mtunda wautali, matope mpaka m'maondo a ng'ombe. Mulungu anamubweza. Koma ana ena a m'mudzi mwathu sanabwerere, ndipo makolo awo muli muno, sinditchula. Kuchipatala anatiuza kuti tizibwera naye kusikelo mwezi ndi mwezi. Tinangoyang'anana. Mwezi ndi mwezi, mtunda umenewo, mitsinje itadzaza?

Titakumananso, msambizgi sanatenge choko. Anatifunsa kuti, "Kodi a ku Boma akudziwa kuti kuno ana akutha?" Tinati kaya. Iye anati galimoto ya sikelo imayenda m'midzi ina, koma imapita kumene anthu anapempha ndipo anamanga poti ifikire. Anati chimene simunanene, wakutali sangachilote.

Misonkhano ya chitukuko inkachitika, inde, koma ankayankhula ndi abambo. Amayi tinkaitanidwa kukaimba ndi kuvina alendo akabwera. Sindikunena kuti kuvina nkoipa, timavina ndithu ndipo timakondwa. Koma nyimbo ikatha tinkakhala kumbuyo. Ndipo abambo athu, Mulungu awadalitse, atafunsidwa chimene mudzi ukufuna, anapempha dibi la ng'ombe. Analandira. Ng'ombe za kuno zinali ndi posambira pa simenti, kusambira kwa kwathu kuja, ife ndi ana tikumwa limodzi ndi achule. Abambo, musayang'ane pansi, dibi ndi labwino, mkaka wa Tiwonge unachokera komweko.

Poyamba tinatuma abambo omwewo kuti akatinenere. Anabwerako ndi nkhani ya msewu ndi mitengo ya feteleza, za sikelo anati nthawi inatha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndiye tinagwirizana kuti tipita tokha. Tinapempha chilolezo kwa akuluakulu a mudzi ndi a komiti, mwaulemu wake, ndipo anatilola. Koma tinati tisapite manja lendelende ngati opempha. Chilimwe chonse tinaumba njerwa, amayi okhaokha, ana ali kumsana. Abambo ataona mulu ukukula anachita manyazi, nkubwera kudzatiotchera.

Tsopano funso linali lakuti akayankhule ndani. Bwana wa zachitukuko ku Boma anali wochokera kummwera, ndipo mu ofesi mumayenda Chichewa. Amayi onse anatembenuka nkuyang'ana ine. Ine? Mtengwa wothawira m'chimanga? Ndinakana. NyaMoyo anandigwira dzanja nkunena, ndimasulira m'Chichewa, kuti, "Chichewa chakocho chinadya nkhuku. Tsopano chibweze."

Tinakwera lole ya chimanga mpaka ku Mzimba. Ndinabereka Tiwonge kuti bwanayo aone ndi maso. Tinadikira pakhonde la ofesi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako anatilowetsa. Ndinapemphera kamodzi kokha kuti Ambuye, munatsegula pakamwa pa Mose wachibwibwi, tsegulani panga.

Ndinayamba bwino, moni ndi ulemu wonse. Kenako ndinati, "Bwana, ife amayi a kwathu takhala tikusambira pamodzi chaka chonse. Timasambira sabata iliyonse, ngakhale kuzizire, ngakhale kugwe mvula. Tasambira zambiri ndithu. Koma ana athu akuthabe."

Bwana uja anavula magalasi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, amayi akuluakulu a maduku, ena a imvi. Anati, "Mukusambira? Inuyo? Mumtsinje wanji?"

NyaMoyo ananditsina m'nthiti. Mayo ine! Mawu omwe aja! Ine mwini Chichewa, amene anandisankha chifukwa cha Chichewa, ndinali nditayankhula Chitumbuka osadziwa. Ndinafuna pansi patseguke. Koma pomwepo, m'kati mwa manyazi, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe chachilendo. Ndinati kodi ndasanduka wa kuno chonchi?

Ndinafotokoza zonse, za sopo, za thadzi, za mapazi a mwana. Bwanayo anaseka mpaka kupukuta maso. Kenako anayang'ana Tiwonge nthawi yaitali, nkusiya kuseka. Anafunsa za njerwa, tinamuuza kuti zapsa kale, zikungodikira. Anagwedeza mutu. Ndiye anati, "Chabwino, kusambira kwa m'madzi simusambira. Nanga madzi akumwa mumatunga kuti?"

Abale anga, imvani ntchito ya Mulungu. Ife tinapitira sikelo yokha. Za chitsime sitinaziike nkomwe m'mutu, tinkayesa kuti nzazikulu, si za anthu ngati ife. Koma lilime langa litapunthwa, nkhani inagwera m'madzi, ndipo bwana anafunsa yekha. Tinamuuza za ng'ombe ndi achule. Mawu amene anandidyera nkhuku ndi omwewo anatikumbira chitsime.

Sizinabwere mawa lake. Tinadikira, tinapitanso, tinadikiranso, ena nkuyamba kutiseka kuti amayi osambira aja zawo zamira. Koma simenti inafika. Abambo anakumba, ife tinatuta mchenga ndi miyala. Kanyumba ka sikelo mukukaona pafupi ndi mtengo wa muwanga apo, ndipo galimoto imafika mwezi uliwonse. Chitsime mukumwa nonse, ndi inu amene munkaseka, imwani ndithu, sitikuwerengerani.

Kumunsi kwa chitsime tinatsegula dimba la gulu. Ine ndili ndi mabedi anga a mpiru, tomato ndi kabichi, ndipo ndimakagulitsa pamsika. Nkhuku ya NyaMoyo ija inaswa, ana ake anaswanso, ndinamubwezera thadzi ndi chiwongoladzanja cha tambala. Sopo ndimagula ndikafuna, osagulitsa kanthu. Sitinalemere, musamve ngati ndikudzitama, denga lathu likadali la udzu. Koma m'nyumba mwanga mwana sagona ndi phala lamadzi. Bambo a Tiwonge anabwerako ku Joni ndi bulangete, wailesi ndi chifuwa. Ntchito yolemetsa sangathenso. Akanapeza mkazi uja anamusiya, kaya tikanadya wailesiyo. Ali apo, ndipo ndinawapepesa kale chifukwa cha matukwano a tsempho amene sanawamve.

Koma chinthu chimodzi chinatsala chikundidya. Tiwonge anachira, inde, koma anatsalira msinkhu. Njala ija inamuba. Anzake obadwa nawo limodzi ankamuposa ndi mutu wonse. Ndinkadzifunsa kuti kodi inangomuba msinkhu, kapena inalowanso m'mutu? Chaka chatha ndinapita naye kusukulu kukamulembetsa. Mukudziwa mmene amachitira aphunzitsi, mwana adutsitse mkono pamwamba pamutu agwire khutu la mbali inayo. Anzake onse anagwira. Tiwonge anayesa, anadzikoka, anapendeketsa khosi, anaima ndi zala, ngati kuima ndi zala kungatalikitse mkono. Zala zinathera m'tsitsi. Aphunzitsi anati mayi, adikire chaka china. Pobwerera sanalire. Anangondifunsa kuti, "Amama, mkono wane ngwakunangika?" Ndiye kuti, kodi mkono wanga ndi wowonongeka? Ine ndi amene ndinalira.

Chaka chonsechi mwana ameneyu wakhala akudya ngati akulipidwa. Chiponde, chambiko, mazira, chilichonse, akatha nkuthamangira kuseri kwa nyumba kukayesa khutu. Ine ndinkapemphera kuti Ambuye, munandibwezera moyo wake, musandipatse watheka.

Lolemba lapitali tinapitanso. Mzere unali wautali. Itafika nthawi yake, aphunzitsi anati gwira khutu. Anakweza mkono. Mkono uja, abale, umene unali ngati chala changa. Unadutsa pamutu, unatsika, zala nkugwira khutu, osati kungolikhudza, kuligwira nkulikoka! Ndipo asanafunsidwe nkomwe anatola kamtengo nkulemba dzina lake pansi, chifukwa ankakhala pambali panga masiku onse aja ndikuphunzira zilembo.

Lachiwiri m'mawa anandidzutsa yekha. Anati, "Amama, nkhuluta kukasambira." Ine ndinati pita mwanangu, kasambire, kasambire mpaka ufike pakuya pamene amako sanafike. Koma uyambe wageza, sopo ali apo.

Tiwonge, taimirira mwanangu. Usachite manyazi, kwera pabenchipo akuone. Awonetse. Gwira khutu. Mwaona? Mwaona, amayi? Ndi ameneyu amene anthu ankati sadzaona dzinja lina.

NyaMoyo, nanunso imirirani. Munabwera pakhomo panga ndikukuthawani, munabwerabe. Yewo chomene, amama. Mulungu amene anakutumani akukumbukireni. Ndipo inu akazi achilendo amene mwakwatiwa kuno chaka chino, ndakuonani mwakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, pamalo panga pakale. Lachitatu ndibwera pakhomo panu. Ndikadzati tiyeni tikasambire, musadzagwire nkhuku. Mudzangotenga mwana, tizipita.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva ndisanadziwe chiyankhulo cha kuno, amene samva mokhota ngakhale munthu apemphere mopunthwa. Dzina la mwanayu agogo ake anatumiza ndili kutali, ndipo ndinkaliitana osalilawa. Kwathu tikanati Tiyamike. Lero ndalimva bwino, ndipo si dzina chabe, ndi pempho langa kwa inu nonse. Musandisiye ndikondwere ndekha, ndinakhala ndekha mokwanira. Amayi, nthungululu zili kuti? Abambo, manja amenewo! Tiwonge, abale anga. Tiwonge!

Amen.